Kung fu imayambira m'ntchafu

Mwana wa ku Nketa akauza makolo ake kuti akufuna kuphunzira masewera omenyana, kawirikawiri amathera ku karate kapena ku nkhonya, chifukwa ndi amene ali ndi aphunzitsi ambiri m'malokeshoni a mu Bulawayo. Karate ili ndi mbiri yake mu Zimbabwe: Samson Muripo anatenga ukatswiri wa dziko lonse wa Kyokushin ku Osaka mu 2009, ndipo dzina lake limadziwika ngakhale kwa anthu amene sanavalepo lamba. Koma mukamufunsitsa mwanayo chimene chinamukopa, mupeza kuti si karate ya ku Japan. Ndi filimu ya ku China. Abambo ake, ana a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito pa njanji ndi m'mafakitale n'kukhala ku Sizinda kapena ku Makokoba, anakula akuyerekeza Bruce Lee. Mwanayo akuonera Ip Man ndi anyamata a ku Shaolin pa foni. Funso lake ndi la abambo ake n'limodzi: munthu wofuna kudziwa kung fu amayambira pati?

Yankho la aphunzitsi a ku China silisangalatsa mwana wothamanga magazi. Amayambira poima. Mapazi atalikirane kuposa mapewa, zala ziloze kutsogolo, mawondo apindike mpaka ntchafu zitsale pang'ono kulingana ndi pansi, msana uwongoke, zibakera zikhale m'chiuno. Kaimidwe kameneka amakatcha mabu, chifukwa munthu amaoneka ngati wakwera hatchi. Woyamba kumene safika mphindi imodzi ntchafu zisanayambe kunjenjemera. Mphunzitsi amangodutsa, kukankha bondo limene lagwera mkati, kubweza matako amene atulukira kumbuyo, n'kupita kwa wina.

Pambali pa mabu pali makaimidwe ena anayi amene masukulu a kumpoto kwa China amaphunzitsa woyamba aliyense. Pa gongbu mwendo wakutsogolo umapindika, wakumbuyo n'kuwongoka chidendene chili pansi. Apa ndi pamene nkhonya imapezera mphamvu. Pa xubu thupi lonse limakhala pa mwendo wakumbuyo, wakutsogolo ukungokhudza pansi ndi zala, wokonzeka kumenya theche kapena kuthawa. Pa pubu munthu amanjuta pa mwendo umodzi, winawo atautambasula m'mbali mpaka kutsala pang'ono kugona pansi. Pa xiebu amapingasa miyendo n'kukhalira chidendene. Kuwonjezera apo pali kuwongola minofu, kuponya mwendo wowongoka mpaka pamphumi uku akuyenda pamzere, kupinda chiuno ndi kumasula mapewa. Zonsezi pamodzi amazitcha jibengong, ndipo ndi zimene zimadya nthawi yambiri ya chaka choyamba.

Cholinga si kuzunza mwana, ngakhale aphunzitsi ena amaziyesa choncho. Nkhonya ya mkono wokha ndi yopepuka. Yolemera imachokera pansi: phazi likankhe dothi, chiuno chitembenuke, phewa litsatire, chibakera chifike pomaliza. Munthu wa miyendo yofooka amaduka pakati, ndipo akamenya theche amadzigwetsa yekha. Palibe amene amamenyana atanjuta ngati pa mabu. Amene wazolowera kuyenda ali m'munsi chonchi, akaimirira bwinobwino amapepukidwa, ndipo kumukankha kuti agwe si ntchito yamasewera.

Miyendo ikayamba kumva, amapatsidwa taolu yake yoyamba. Taolu ndi ndondomeko ya mayendedwe olumikizana, yoyambira pamalo amodzi n'kuthera pamalo odziwika, imene munthu amachita yekha popanda mdani. Anthu a karate amaidziwa ngati kata. Yofala kwambiri kwa oyamba masiku ano ndi Wu Bu Quan, imene imangolumikiza makaimidwe asanu aja ndi nkhonya zingapo, kutchinga ndi theche limodzi. Wodziwa amaimaliza mphindi isanakwane. Ku Shaolin amawonjezera Lian Huan Quan, yaifupinso, asanafike pa Xiao Hong Quan, imene ndi yaitali ndipo imaonedwa ngati maziko a kamenyedwe ka kumeneko.

Imene ine ndimaiona kuti ikuonetsa bwino nzeru za aphunzitsi akale ndi Tan Tui. Inakula kumpoto kwa China, makamaka pakati pa Asilamu a mtundu wa Hui, ndipo ilipo ya mizere 10 ndi ya mizere 12. Mzere uliwonse uli ndi mayendedwe ochepa chabe, mwina nkhonya, kutchinga ndi theche lotuluka ngati chikwapu, ndipo wophunzira amawabwereza kumanja ndi kumanzere akudutsa bwalo, kenako n'kutembenuka kuyamba mzere wina. Mulibe chodabwitsa chilichonse, ndipo woonerera amatopa msanga. Koma bungwe la Jingwu, limene linakhazikitsidwa ku Shanghai mu 1910 mothandizidwa ndi katswiri Huo Yuanjia, litafuna phunziro loti aliyense adutsemo asanasankhe mtundu wa kung fu umene akufuna, linasankha Tan Tui ya mizere 12. Linaikanso ina yochita anthu awiri, wina akumenya wina akulandira, kuti wophunzira aone ntchito ya chilichonse chimene wakhala akubwereza yekha.

Kumwera kwa China zinthu n'zosiyanako. Hung Gar ya ku Guangdong imalimbikira mabu wotsika kwambiri ndi mikono yolimba, ndipo taolu yake yoyamba, Gung Gee Fook Fu Kuen, ndi yaitali moti imayesa mpweya wa munthu. Wing Chun, imene Ip Man anaiphunzitsa ku Hong Kong atasamukirako mu 1949, ndiyo imadabwitsa kwambiri oyamba. Pa taolu yake yoyamba, Siu Nim Tau, mapazi sasuntha ngakhale pang'ono. Munthu amaima mawondo atayang'ana mkati, n'kumatulutsa dzanja pang'onopang'ono kutsogolo kwa chifuwa, chigongono chisatayike kunja, phewa lisakwere. Mnyamata amene waona Donnie Yen akugwetsa anthu khumi mufilimu ya Ip Man ya 2008 savomereza msanga kuti luso limene akuyerekezalo limayambira pa kuima malo amodzi. Kuyenda kumabwera pa taolu yachiwiri, Chum Kiu. Xingyi nayo imayambira pa kuima kotchedwa santishi, kenako nkhonya zisanu zokha. Wa Bagua amayamba ndi kuyenda mozungulira bwalo laling'ono. Mitundu ndi yambirimbiri, koma yonse imagwirizana pa chinthu chimodzi: woyamba apatsidwe zochepa, azibwereze kufikira thupi litazimeza.

Tsono mkangano waukulu, umene unayamba kale ku China komweko, ndi wakuti kodi taolu imaphunzitsa munthu kumenyana. Cha m'ma 1560 mkulu wa asilikali Qi Jiguang, amene ankalimbana ndi achifwamba a panyanja m'mphepete mwa China, analemba buku la kaphunzitsidwe ka asilikali lotchedwa Jixiao Xinshu. Anaikamo mutu wa kamenyedwe ka manja wokhala ndi makaimidwe 32 amene anawatola m'masukulu osiyanasiyana a nthawi yake. Maganizo ake anali osabisa: nkhonya sizipambanitsa nkhondo ya mikondo ndi malupanga, koma zimafewetsa manja ndi miyendo ya msilikali watsopano. Ankadana ndi mayendedwe okongola ongosangalatsa oonerera. Atalembanso bukulo mu 1584, mutu wa nkhonya uja anauchotsa.

Mkanganowu unaphulikanso mu April 2017 ku Chengdu, pamene Xu Xiaodong, womenya nkhonya zosakaniza za MMA, anagwetsa Wei Lei, amene ankadzitcha katswiri wa taiji, m'masekondi owerengeka. Kanema wake anafalikira dziko lonse, ndipo Xu anakumana ndi mavuto kwa akuluakulu a dziko lake chifukwa chonyoza chikhalidwe. Bruce Lee anali atanena zofanana kalekale. Anaphunzira Wing Chun ku sukulu ya Ip Man ali mnyamata, koma atapita ku America anayamba kudzudzula ndondomeko zoloweza, ponena kuti mdani weniweni sayenda motsatira zimene munthu analoweza. Chimene otsatira ake amaiwala n'chakuti wodzudzulayo anali atadutsa kale m'maziko amene ankawadzudzulawo.

Kwa ife a ku Malawi nkhaniyi si yachilendo. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi beni wa kwa Ayao, amenenso anthu athu ankavina m'migodi ya ku Southern Rhodesia, anachokera ku perete wa asilikali. Mizere, kuguba ndi maudindo zonse zilimo, koma palibe amene angatumize ovina malipenga kunkhondo. Taolu ili pangozi yomweyo ikasiyanitsidwa ndi ntchito yake. Kale inali nkhokwe: anthu ambiri ophunzira masewerawa sankadziwa kulemba, ndipo mphunzitsi ankasunga zonse zimene amadziwa m'ndondomeko imene wophunzira akanapita nayo kwawo n'kumaibwereza yekha. Koma m'sukulu yabwino ankaiphwanya m'zidutswa, chidutswa chilichonse n'kuchiyesa pa mnzake amene akukana. Kumene kuyesa kumeneku kunatha, kunatsala gule. Gule si choipa, ndipo amalimbitsa thupi. Choipa ndi kuuza mwana kuti gule ameneyu adzamuteteza usiku panjira ya pakati pa Nketa ndi Nkulumane.

Boma la China linachita kugawa zinthu ziwirizi poyera. Pambuyo pa 1949 linasandutsa masewerawa kukhala wushu ya mpikisano, ndipo mu 1956 linatulutsa taiji yofupikitsidwa ya mayendedwe 24 kuti anthu wamba azilimbitsira thupi m'mapaki ndi m'malo a ntchito. Kumenyana kwenikweni kunabwera pambuyo pake ndi dzina la sanda, ya magolovesi, mateche ndi kugwetsana pa nsanja. Lero pa mipikisano ya International Wushu Federation, imene inakhazikitsidwa mu 1990, wa taolu ndi wa sanda kawirikawiri ndi anthu awiri osiyana. Kholo la ku Nketa liyenera kudziwa zimenezi lisanalipire kobiri: mwana akufuna chiti, ndipo mphunzitsi akuphunzitsa chiti?

Dzina la Shaolin lokha limagulitsa malonda, choncho ndi bwino kulidziwa bwino. Kachisi wa Shaolin ali pa phiri la Song, pafupi ndi Dengfeng m'chigawo cha Henan, ndipo anamangidwa cha m'ma 495. Nthano yakuti mmonke Bodhidharma wochokera ku India ndiye anaphunzitsa amonke kumenyana inatsutsidwa kale ndi wofufuza mbiri Tang Hao m'zaka za m'ma 1930, ndipo Meir Shahar, m'buku lake la 2008, anaonetsa kuti amonke a kumeneko anatchuka poyamba ndi ndodo, kamenyedwe ka manja n'kudzakula m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600. Mu 1928 mkulu wa asilikali Shi Yousan anatentha mbali yaikulu ya kachisiyo. Chimene chinamudzutsa ndi filimu ya 1982 imene munasewera Jet Li, yemwe sanali mmonke koma katswiri wa wushu ya boma wa timu ya Beijing. Kuyambira pamenepo Dengfeng inadzaza ndi masukulu ogonera komweko, ndipo ina monga Tagou ili ndi ophunzira masauzande ambirimbiri. Ana amenewa amathera maola angapo tsiku lililonse pa jibengong. Kutembenuzika m'malere kumene timaona pa foni ndi masekondi ochepa otuluka m'zaka za kuthamanga m'mawa ndi kunjuta.

Sitifunika kupita ku Henan kuti tione zimenezi. Ku Mapanga, kunja kwa mzinda wa Blantyre, kuli Amitofo Care Centre, malo osungira ana amasiye amene anayambitsidwa ndi mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, yemwe poyamba anali pa kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit mu South Africa. Ana a kumeneko amadzuka kusanache, amapemphera mwa Chibuda, sadya nyama, amaphunzira Chitchaina pambali pa maphunziro a boma, ndipo amaphunzitsidwa kung fu ya Shaolin ndi aphunzitsi ochokera ku China. Zotsatira zake n'zosakayikitsa. Ana obadwira m'midzi ya ku Malawi akhala akupita ku Asia ndi maiko ena kukaonetsa luso lawo pamaso pa anthu othandiza malowa, ndipo amachita zimene aliyense wa ku Dengfeng angazivomereze. Amene amati thupi la Mwafirika silinapangidwire masewerawa akaone kaye kumeneko.

Filimu ya Nicole Schafer ya 2019, Buddha in Africa, imene inatsatira mnyamata mmodzi wa pamalopa kwa zaka zingapo, inafunsa funso lina lovuta: mwana amene wakulira m'chilankhulo, chipembedzo ndi chakudya cha eni ake, akabwerera kwa abale ake kumudzi amakhala ndani? Pa nkhani yathu ino, phunziro la ku Mapanga ndi lakuti luso loterolo limagulidwa ndi ubwana wonse. Mwana wa ku Nketa amene amapita kusukulu m'mawa, masana n'kukaima pamzere wa madzi pa mjigo chifukwa mipopi ya mu Bulawayo yauma, sangafanane ndi wogonera pamalo ophunzitsira. Asadziyese wolephera. Mlingo wake ndi wina. Ku Lusaka nakonso kuli kachisi wa Shaolin, kumene mu 2023 kunachitikira mpikisano wa kung fu ya Shaolin wa maiko a mu Africa, ndiye kuti aphunzitsi odziwa akuyandikira chigawo chathu pang'onopang'ono.

Nanga amene alibe mphunzitsi, ali ndi foni yokha ndi kabandulo ka intaneti? Wu Bu Quan angailoweze pa YouTube sabata isanathe, ndipo kuloweza ndi mbali yaing'ono kwambiri ya ntchitoyi. Foni siona kuti bondo lagwera mkati, kuti chidendene chanyamuka, kuti mwana akubanika mpweya pomenya. Cholakwika chobwerezedwa miyezi isanu ndi umodzi chimakhazikika mofanana ndi cholondola, ndipo bondo lopindidwa molakwika tsiku ndi tsiku limadzalipiritsa mwini wake atakula. Langizo langa kwa wotere ndi losakoma: apite ku karate, ku judo kapena ku nkhonya kumene kuli mphunzitsi wamoyo. Makaimidwe a karate ndi apachibale ndi a ku China, popeza karate ya ku Okinawa inatengera zambiri ku Fujian. Tsiku limene adzapeze mphunzitsi wa kung fu, miyendo idzakhala itakonzeka kale. Foni ikhale yothandizira kukumbukira.

Mphunzitsi akapezeka, pali zomuonera. Woyamba kufunsidwa akhale iye: munaphunzira kwa yani, kuti, zaka zingati? M'masewerawa mzere wa aphunzitsi ndi nkhani yaikulu, ndipo wodziwa sakwiya ndi funso limeneli. Lamba asakunamizeni. Malamba ndi magiredi anayambira ku judo ya ku Japan, ndipo masukulu akale a ku China analibe. Dongosolo la magiredi la bungwe la wushu la ku China linabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Amene akulonjeza lamba wakuda pa chaka chimodzi akugulitsa nsalu. Onaninso ophunzira ake akale m'malo moona iye: kodi amaima mokhazikika, kodi amayeserana awiriawiri, kodi wamkulu amasamala wamng'ono? Taolu zambiri m'miyezi yochepa ndi chizindikiro choipa. Chimodzimodzi nkhani za mphamvu zobisika zogwetsa munthu osamukhudza.

Pali chinthu china chimene makolo ayenera kuchikana poyera. Mafilimu monga The 36th Chamber of Shaolin ndi Drunken Master, onse a 1978, anatizoloweza kuona wophunzira akuzunzidwa mpaka kusanduka katswiri, ndipo aphunzitsi ena amatengera zimenezo. Kukhalira mwana pamsana kuti miyendo itambasuke, kumuimitsa pa mabu mpaka kulira monga chilango, kumumenyetsa zibakera pakhoma kuti zilimbe, zonsezi zimavulaza mafupa amene akukula. Minofu imatambasuka ikatenthedwa kaye ndi kuthamanga, makamaka m'mawa wa June ndi July pamene chisanu cha mu Bulawayo chimaluma, ndipo imatambasuka pang'onopang'ono. Mabu wa masekondi 30 wochita bwino kangapo amaposa wa mphindi zisanu wopotoka. Atsikana nawonso malo awo alipo. Pa mipikisano ya wushu amapikisana m'magawo onse awiri, ndipo nthano ya Wing Chun imati luso limenelo linayamba ndi akazi.

Ubwino wa gawo loyambali kwa anthu a m'lokeshoni ndi wakuti silifuna ndalama. Sipafunika yunifolomu, magolovesi kapena matiresi. Bwalo la sukulu, kuseri kwa nyumba kapena holo ya tchalitchi n'zokwanira, bola pansi pakhale posaterera. Ndipo si za ana okha. Agogo amene mawondo ayamba kuvuta angapindule ndi taiji ya mayendedwe 24 ija, imene madokotala m'maiko ambiri amailimbikitsa pothandiza okalamba kuti asamagwegwe. UNESCO inaika taiji pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu December 2020, mndandanda womwewo umene pali gule wamkulu ndi vimbuza.

Kwa wachinyamata wofuna mpikisano, khomo latseguka kuposa kale. Wushu inalandiridwa pa masewera a Olimpiki a achinyamata a ku Dakar a 2026, oyamba a mtundu wa Olimpiki kuchitikira mu Africa, ndipo magawo ake ndi a taolu: changquan ndi taiji, anyamata ndi atsikana. Pa mipikisano yotere oweruza amakhala m'magulu. Ena amayang'ana kukongola ndi mphamvu ya sewero lonse, ena kuvuta kwa kudumpha, koma gulu lina ntchito yake ndi kuchotsa mapointi pa zolakwika za kaimidwe: ntchafu yosatsika mokwanira pa mabu, chidendene chonyamuka pa gongbu, phazi lotukuka pa pubu. Pakati pa akatswiri amene onse amatha kuzungulira m'malere, mendulo nthawi zambiri imasiyanitsidwa ndi kachigawo kakang'ono ka pointi kotayikira pamenepo.